Mbiri ya Dokotala Wosagona

Chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America chitatsegulidwa mu 1889, madokotala achinyamata amene anabwera kudzaphunzira ntchito anapatsidwa zipinda m'chipatala momwemo. Ankadyera momwemo, kugona momwemo, ndipo wodwala akadwalika pakati pa usiku panalibe zotuma munthu kutali, ankangokagogoda pa chitseko. Malipiro anali ochepa kwambiri, ndipo zoti munthu akwatire ali pa maphunziro akuluakulu sankazikonda. Tsiku logwira ntchito linalibe poyambira ndi pothera. Dokotala anali pa ntchito malinga ngati wodwala wake akupuma.

Amene anaumba dongosolo limeneli anali William Osler, mkulu wa madokotala a matenda a m'thupi, ndi William Stewart Halsted, mkulu wa madokotala ochita opaleshoni. Halsted anali ataona mmene zipatala za ku Germany ndi Austria zinkaphunzitsira, ndipo anafuna kuti ku America nakonso mnyamata azikula pang'onopang'ono pansi pa katswiri, akupatsidwa udindo wokulirapo chaka ndi chaka. Olowa ankakhala ambiri, koma ofika pamwamba anali ochepa zedi, ndipo ulendowo unkatenga zaka pafupifupi 8. Amene anapirira anakhala akatswiri otchuka, ena mwa iwo monga Harvey Cushing amene anatsegula njira ya opaleshoni ya ubongo. Iwowa atamwazikira m'zipatala zina ananyamula dongosolo lonse, zabwino zake pamodzi ndi kusagona kwake.

Pali chinsinsi china chimene olemba mbiri amakonda kutchula. Mu 1884, ali ku New York, Halsted anayamba kudzibaya cocaine poyesa ngati mankhwalawo angachititse dzanzi mitsempha kuti munthu asamve ululu pa opaleshoni. Kuyesako kunatheka, koma iye anakodwa. Anakagonekedwa ku chipatala cha Butler ku Providence, ndipo kumeneko anatulukako atazolowera morphine. Zolemba zachinsinsi za Osler zimene zinasindikizidwa mu 1969 zinaulula kuti Halsted anapitiriza kugwiritsa ntchito morphine ali kale mkulu ku Johns Hopkins. Anthu ena amathamangira kunena kuti maola ankhanza a madokotala anabadwa chifukwa woyambitsa wake ankalimbitsidwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Nkhaniyo ndi yokoma kuimva, koma yafupikitsidwa kwambiri. Halsted wa ku Baltimore anali munthu wochita zinthu modekha, wosowasowa pa ntchito, ndipo katundu wambiri ankagwera achinyamata amene anali pansi pake. Chimene chinakhazikitsa mwambowu kwenikweni ndi chakuti unkapindulira aliyense wamphamvu: chipatala chinkapeza antchito otsika mtengo usana ndi usiku, ndipo madokotala akuluakulu ankagona kunyumba kwawo mtima uli m'malo.

Sitinganene kuti mwambowu unalibe nzeru yake. Aphunzitsi ankati matenda amaphunziridwa powatsata kuyambira pamene wodwala walowa mpaka pamene wachira kapena wamwalira, ndipo dokotala wochoka pakati sangadziwe mmene nthenda imayendera. Ankatinso wodwala amakhala pa ngozi nthawi iliyonse imene dokotala mmodzi akusiyira mnzake, chifukwa pofotokozerana pamagwa zinthu. Mfundo ziwirizi n'zoona ndipo mpaka lero zikadali ndi mphamvu. Koma chipatala cha m'nthawi ya Osler sichinali chofanana ndi cha zaka 70 pambuyo pake. Kalelo wodwala ankagona m'wodi milungu ingapo, mankhwala anali owerengeka, ndipo usiku wambiri unkadutsa mwabata. Pofika m'zaka za m'ma 1960 kunali mawodi a odwala mwakayakaya, makina ambirimbiri, mankhwala mazanamazana oti dokotala awerengetsere mlingo wake, ndiponso kachipangizo koitanira dokotala kamene kankalira usiku wonse. Ntchito inachuluka, maola anakhala omwe aja. M'zipatala zambiri za ku America dokotala wa chaka choyamba ankagwira maola 36 mosalekeza, kupuma maola 12, n'kubwereranso. Sabata ya maola oposa 100 inali yachizolowezi.

Mu 1971 madokotala atatu a ku New York, Richard Friedman, Thomas Bigger ndi Donald Kornfeld, anachita kanthu kakang'ono kamene kanayenera kudzidzimutsa anthu. Anatenga madokotala 14 a chaka choyamba n'kuwapatsa mapepala osonyeza kagundidwe ka mtima kuti apezepo zolakwika, ulendo wina atagona bwino, ulendo wina atachezera. Atachezera, zophonya zawo zinachuluka pafupifupi kawiri. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini yotchuka ya New England Journal of Medicine, anthu anawerenga, ndipo ndandanda za ntchito zinatsala mmene zinalili.

Chimene chinagwedeza mwambowu ndi maliro. Usiku wa pa 4 March 1984, mtsikana wa zaka 18 dzina lake Libby Zion anafika ku New York Hospital thupi likutentha, akunjenjemera ndiponso akugwedezeka mosadziwika bwino. Anali akumwa phenelzine, mankhwala a matenda a nkhawa. Amene anamuona anali madokotala awiri achinyamata, wina wa chaka choyamba, wina wa chaka chachiwiri, ndipo dokotala wamkulu anangolankhula nawo pa foni. Anamubaya pethidine kuti kunjenjemerako kuleke. Lero wophunzira aliyense wa zamankhwala amadziwa kuti mankhwala awiriwa sasakanizidwa, koma panthawiyo ambiri sankazidziwa. Mtsikanayo atayamba kuvuta kwambiri, anamwino anaimbira dokotala wa chaka choyamba uja, amene ankayang'anira odwala pafupifupi 40 usiku umenewo. Iye analamula pa foni kuti amumange pa bedi ndi kumubaya mankhwala omukhazika mtima pansi, osabwera kudzamuonanso. M'mamawa thupi la Libby linatentha mpaka pafupifupi madigiri 42, mtima unaima, ndipo anamwalira dzuwa la pa 5 March litangotuluka.

Bambo ake, Sidney Zion, anali loya komanso mtolankhani wodziwika mumzindawo, munthu wosaopa kutsutsana ndi aliyense. Atamva za maola amene madokotala achinyamata ankagwira, anayamba nkhondo m'manyuzipepala, pa wailesi ya kanema ndi m'makhoti. Mu 1986 gulu la nzika lounika mlanduwo linakana kuzenga madokotalawo mlandu wakupha, koma linadzudzula kwambiri dongosolo limene linawasiya okha komanso otopa. Boma la New York linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Dr Bertrand Bell, ndipo mu 1989 kunabwera lamulo loyamba la mtundu wake ku America: dokotala wophunzira asapitirire maola 80 pa sabata, ndipo asagwire maola oposa 24 mosalekeza. Bell mwini wake ankadandaula kuti anthu anangogwira za maola n'kuiwala mbali imene iye ankaiona kuti ndi yaikulu, yoti dokotala wamkulu azipezeka m'chipatala usiku kuyang'anira achinyamata. Dandaulo lake linali lomveka. Mpaka pano anthu amatsutsana ngati chinapha Libby Zion chinali kutopa, kusadziwa, kapena kusowa woyang'anira, ndipo zikuoneka kuti zonse zitatu zinakumana usiku umodzi.

Zinatenga zaka zina 14 kuti dziko lonse la America litsatire. Mu July 2003 bungwe la ACGME, limene limavomereza maphunziro a madokotala m'zipatala, linaika malire a maola 80 pa sabata m'dziko lonse. Chaka chotsatira gulu la ofufuza a ku Harvard, lotsogozedwa ndi Charles Czeisler ndi Christopher Landrigan, linatulutsa umboni umene unali kusoweka. Ku Brigham and Women's Hospital ku Boston, madokotala a chaka choyamba amene ankagwira mashifiti a maola oposa 24 analakwitsa zinthu zoopsa zochuluka ndi 36 pa 100 kuyerekeza ndi pamene mashifiti awo anafupikitsidwa, ndipo pa kuzindikira matenda analakwitsa kuposa kasanu. Mu 2005 gulu lomwelo linasonyeza kuti dokotala wobwerera kunyumba pambuyo pa shifiti yaitali anali pa chiopsezo chochita ngozi ya galimoto choposa kawiri. Mu 2011 ACGME inatsitsa malire a shifiti imodzi ya madokotala a chaka choyamba kufika pa maola 16. Mu 2017 inawabwezeranso pa 24, kuwonjezerapo maola ena 4 osiyirana odwala, kafukufuku wina wamkulu atapeza kuti odwala sankamwalira mochulukirapo pamene maola anali omasuka. Mkanganowo sunathe.

Ku Britain njira inali ina. Dokotala wachinyamata wa ku London, Chris Johnstone, anasumira abwana ake ponena kuti kontrakiti yomulola kugwira maola 88 pa sabata inkamudwalitsa, ndipo khoti la apilo linalola kuti mlandu wake umvedwe. Mu 1991 boma ndi madokotala anagwirizana zochepetsa maola, kenako lamulo la mayiko a ku Ulaya la maola ogwirira ntchito linayamba kukhudza madokotala ophunzira mu 2004, ndipo pofika 2009 malire anali maola 48 pa sabata. Pa pepala chinali chipambano chachikulu. Koma kuti maola akwane, zipatala zinasiya dongosolo lakale loti dokotala azigona m'chipinda n'kumadzutsidwa pakafunika, n'kuyamba mashifiti athunthu a usiku a maola 12 kapena 13, nthawi zina masiku 7 otsatizana. Popeza munthu wa pa shifiti amayenera kukhala maso, zipatala zambiri zinachotsa mabedi n'kusandutsa zipinda zija kukhala maofesi. M'malo ena dokotala wopezeka akuwodzera pa nthawi yake yopuma ankadzudzulidwa. Maola anachepa, kutopa kunangosintha nkhope.

Apa mpofunika kumvetsa chimene thupi limachita usiku. Mkati mwa ubongo, pamwamba pa pamene mitsempha ya maso imadutsana, muli kagulu ka maselo kamene kamasunga nthawi ya thupi lonse, ndipo asayansi anakazindikira bwino mu 1972. Kagulu kameneka kamatsatira kuwala kolowa m'maso. Kukada, kamalamula kuti thupi litulutse melatonin, kutentha kwa thupi kumatsika, maganizo amachedwa, ndipo zonsezi zimafika pansi penipeni pakati pa 3 koloko ndi 5 koloko m'bandakucha. Aliyense amene anachezerapo pa siwa amaidziwa nthawi imeneyi, pamene nyimbo zimayamba kuzilala, chisanu n'kulowa m'mafupa ngakhale moto ukuyaka, ndipo anthu olimba amayamba kugwetsa mitu. Pa ola lomwelo dokotala wa usiku amakhala akuwerengetsera mlingo wa mankhwala a khanda lobadwa masiku osakwana. Kukacha amapita kukagona pamene thupi likumuuza kuti adzuke, choncho tulo ta masana timakhala tatifupi ndi todukaduka. Ambiri amaganiza kuti munthu amazolowera, koma katswiri wa ku Britain Simon Folkard ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2008 anapeza kuti ngakhale pakati pa ogwira ntchito usiku wokhawokha, amene thupi lawo linasinthiratu sankafika 3 pa 100 alionse. Ofufuza a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anali atasonyeza kale mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10, mlingo umene m'mayiko ambiri wapolisi sangamulole kugwira chiwongolero. Choopsa kwambiri n'chakuti wotopayo sazindikira kuchuluka kwa kutopa kwake.

Popeza matenda sadikira kuti kuche, ntchito ya usiku siingathetsedwe. Apa mpamene panabadwira njira yachiwiri, yophunzitsa dokotala mmene angasamalire tulo take, kadyedwe kake ndi nthawi yake. Nzeru zambiri zinachokera kwa oyendetsa ndege. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 bungwe la NASA, kudzera mwa Mark Rosekind ndi anzake, linalola oyendetsa ndege za maulendo ataliatali kupuma mphindi 40 ali pa mpando wawo mosinthana. Ankagona pafupifupi mphindi 26, ndipo potera ndege ankakhala atcheru kuposa anzawo amene sanagone. Dokotala wa ku Stanford, Rebecca Smith-Coggins, anabweretsa maganizo amenewa ku dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi. Mu 2006 anasonyeza kuti madokotala ndi anamwino amene anapatsidwa mphindi 40 zogona pa 3 koloko usiku ankafika m'mawa ali ndi mphamvu, akuphonya zochepa, ndiponso akulowetsa singano ya diripi mofulumira poyesedwa. Anapezanso chinthu chofunika kuchisamala: atangodzuka kumene, kukumbukira kwawo kunkayamba kaye kwatsika, choncho munthu amafunika mphindi zingapo asanagwire ntchito yovuta. Chaka chomwecho bungwe la Royal College of Physicians ku London linatulutsa kabuku kolangiza madokotala achinyamata za kukonzekera, kupirira ndi kuchira ku ntchito ya usiku.

Malangizo amene anasonkhanitsidwa m'zaka zimenezo ndi omwe alangizi akuphunzitsa mpaka lero, ndipo ndi osavuta kumva. Dokotala agoneko masana asanayambe usiku woyamba, asalowe m'wodi ali kale ndi ngongole ya tulo. Pa nthawi yopuma agone mphindi 15 kapena 20, zosapitirira kwambiri kuti asalowe m'tulo tofa nato. Khofi amwe kumayambiriro kwa shifiti, chifukwa patatha maola pafupifupi 5 theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi, ndipo kapu ya m'bandakucha imakamulanda tulo ta kunyumba. Chakudya chachikulu adye asanayambe, usiku azingodya zopepuka ndi kumwa madzi okwanira. Pobwerera apewe dzuwa lowala, akafika agone msanga m'chipinda chamdima ndi chozizira bwino, foni itazimitsidwa ndipo a pabanja atauzidwa kuti asamudzutse. Mowa asauyese mankhwala a tulo. Ndipo ngati maso akulemera asayendetse galimoto, popeza kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthamangitsa tulo.

Funso limene ofufuza anafunsa mosanyengerera ndi lakuti kodi kuphunzitsa kokha kumasintha kanthu. Mu 1997 Smith-Coggins yemweyo anaphunzitsa kagulu ka madokotala a ku Stanford njira zothanirana ndi kutopa, koma sanapeze kusintha kooneka pa tulo ndi pa ntchito yawo. Mu 2007 Vineet Arora ndi anzake ku University of Chicago anayesa phunziro lotchedwa SAFER, lokonzedwa ndi akatswiri a tulo. Anaveka madokotala a chaka choyamba tizipangizo ta pa dzanja toyeza tulo, n'kuyerekeza mmene ankagonera asanaphunzire ndi ataphunzira. Panalibe kusiyana kwenikweni. Madokotalawo anamva phunzirolo, koma ndandanda ya ntchito inali yomwe ija. Ndiyeno mu 2012 Kevin Volpp ndi anzake ku Philadelphia anayesa njira ina. Anakonza kuti kuyambira 12:30 mpaka 5:30 usiku dokotala wachinyamata azipereka foni yake ya ntchito kwa mnzake wogwirizira. Tulo ta pa shifiti tinakwera kuchoka pa maola pafupifupi 2 kufika pafupifupi 3, ndipo m'mawa ankakhala atcheru. Kafukufuku atatuwa akaikidwa pamodzi, amene amakonza maphunziro a madokotala ayenera kuona poyera kuti uphungu umagwira pokhapokha pali bedi, nthawi yotetezedwa, ndi munthu wonyamula foni.

Ku Britain phunziro limeneli linabwera ndi misozi. Mu 2011 dokotala wachitsikana wa zaka 23 ku Scotland, amene anali atangogwira ntchito milungu yochepa, anamwalira pa ngozi ya galimoto akuchokera ku shifiti ya usiku. Bambo ake analimbana ndi akuluakulu kwa zaka, ndipo mu 2014 boma la Scotland linalengeza kuti lithetsa ndandanda za mausiku 7 otsatizana. Mu 2017 kafukufuku wa madokotala ophunzira ntchito yogonetsa odwala pa opaleshoni anapeza kuti 57 pa 100 alionse anachitapo ngozi kapena anatsala pang'ono kuchita ngozi pobwerera kunyumba atachezera. Chaka chotsatira bungwe lawo la Association of Anaesthetists pamodzi ndi mabungwe ena linayambitsa kampeni ya Fight Fatigue. Chimene chinasiyanitsa kampeniyi ndi maphunziro akale n'chakuti inalankhula mbali ziwiri: inapatsa dokotala malangizo a tulo, n'kupatsanso chipatala miyezo ya zipinda zopumira zimene chiyenera kukhala nazo. Dr Michael Farquhar, katswiri wa tulo ku chipatala cha ana cha Evelina ku London, anathandiza kwambiri kufalitsa mfundo yoti kupuma kwa dokotala ndi mbali ya chitetezo cha wodwala.

Ku South Africa nkhani yofanana inachitika mu 2016, pamene dokotala wachitsikana wophunzira ntchito ku Paarl, pafupi ndi Cape Town, anamwalira pa ngozi ya pamsewu ataweruka shifiti yaitali. Madokotala achinyamata anakweza mawu, ndipo bungwe loyang'anira ntchito zachipatala m'dzikolo la HPCSA linatsitsa malire a shifiti ya ophunzira kuchoka pa maola 30 kufika pa 26. Ku Malawi, kumene sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, omaliza maphunziro amayamba ntchito yoyeserera m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za m'maboma katundu wa usiku amagwera kwambiri ma clinical officer ndi anamwino. Kumene antchito ndi ochepa chonchi, malire a maola 48 a ku Ulaya ndi ovuta kuwafikira, chifukwa wina akapita kukagona pamafunika wina womulowa m'malo. Uphungu wa kagonedwe ndi kadyedwe nawonso uyenera kuganizira munthu amene akukagona masana m'nyumba ya malata m'mwezi wa October, ana akusewera panja.

Komabe zina mwa zimene zaka zonsezi zatsimikizira sizifuna ndalama zambiri. Mkulu wa chipatala angathe kupatula chipinda chokhala ndi bedi, neti ndi chitseko chotsekeka. Wolemba ndandanda angathe kupewa kuika munthu mmodzi mausiku ambiri otsatizana, ndi kuonetsetsa kuti wochezera akuweruka m'mawa osati kupitiriza ndi odwala a masana. Anthu awiri a pa shifiti imodzi angathe kugwirizirana kuti aliyense atsinzineko mphindi 20. Dokotala wamkulu angathe kuuza achinyamata kuti kumuimbira foni pa 3 koloko usiku si mlandu. Akuluakulu a zipatala amene akuganiza zoitana mlangizi woti aphunzitse madokotala awo kuthana ndi kutopa ayambe akonza zinayi zimenezi, kenako amuitane.